Ife a pageti la fakitale

Lolemba lililonse, dzuwa lisanatuluke bwino, timakhala titafika kale. Mukadutsa ku Makata kapena ku Chirimba mumzinda wa Blantyre, ku Kanengo ku Lilongwe, ngakhalenso ku Luwinga ku Mzuzu, mudzationa titandandalika m'mbali mwa mpanda, ena titakhala pamiyala, envulopu ya khaki ili kukhwapa. Alonda anatizolowera moti ena amatipatsa moni potitchula mayina. Kapitawo akangotulukira ndi kapepala m'manja, tonse timadzambatuka n'kuthamangira kugeti. Iye amangoloza: "Iwe, iwe, ndi iwe wa chipewa chofiirawe." Alowa anthu asanu kapena khumi, geti latsekedwa. Ntchito imene alowera ndi yotsitsa matumba m'lole. Za mu envulopu palibe wafunsa.

Mu envulopumo muli zaka zathu. Muli satifiketi ya kuwotcherera ndi kupinda zitsulo, ya zamagetsi, ya kumanga ndi kukonza makina a m'fakitale, ya kusema zitsulo pa lathe, ya mafiriji. Ena tinachokera ku Soche, ena ku Nasawa, ku Namitete, ku Salima, ku Lilongwe, ku Mzuzu, ku Livingstonia, makoleji akuluakulu asanu ndi awiri aja amene mnyamata kapena mtsikana aliyense wokonda ntchito zamanja amawalota. Ena tinadutsa m'makoleji a m'madera amene anayamba mu 2015, pomwe Pulezidenti Peter Mutharika anakatsegula ya ku Ngara m'boma la Karonga. Enanso tinakwera makwerero a Trade Test, kuyambira Giredi 3 mpaka kufika Giredi 1. Musaganize kuti kulowako kunali kwapafupi. Malo ndi ochepa, owafuna ndi namtindi, ndipo amene dzina lake linatuluka, kwawo kunamveka nthungululu. Mbuzi zinapita kumsika kuti tigule ovolosi, nsapato za chitsulo kutsogolo ndi kabokosi ka zipangizo.

Mawu amene anatiperekeza ndi omwe mumawamva pawailesi mpaka lero. Luso silimugoneka munthu ndi njala. A madigiri akungozungulira ndi mapepala m'tauni, koma inu dziko likukudikirani. Aphunzitsi athu ankanena zimenezi ndi mtima woona, ndipo sitinganene kuti ananama. Amisiri akufunikadi. Pitani kumudzi mukaone chigayo chimene chakhala chete mwezi wathunthu chifukwa shafuti inathyoka, amayi n'kumasenza chimanga kupita nacho kutsidya la mtsinje. Mukaone mjigo umene anthu anautaya chifukwa kachitsulo kamodzi kanadyeka. Zofunika kupanga ndi kukonza zili mbwee. Chimene chikusowa ndi khomo loti munthu wophunzira alowere, agwire ntchito imene anaphunzira, alandire malipiro oti n'kusunga nawo banja.

Pafupi ndi geti lina pamakhala bambo wachikulire wogulitsa tiyi ndi mandasi, amene unyamata wawo wonse unathera m'fakitale. Akationa titafooka ndi dzuwa amapukusa mutu. "Ana inu munabadwa mochedwa," amatero, kenako n'kuyamba kuwerenga ndi zala. David Whitehead and Sons inkaomba nsalu ndi thonje lolimidwa konkuno, anthu masauzande akusinthana mashifiti usana ndi usiku. Wailesi ya Nzeru inkalumikizidwa mu Blantyre momwemuno. Makasu anali a Agrimal. Mabodi a mabasi ankawamanga ku PEW. Sopo ankaphikidwa ku Lever Brothers ku Limbe, zinanazi zinkaikidwa m'zitini ku Mulanje, ndipo ku Changalume ku Zomba ankaswa miyala ya simenti, sitima n'kumatutira ku Blantyre. Koma chimene amachibwereza kwambiri si mayina a makampaniwo. Amati masiku amenewo kampani inkayamba yakutenga, kenako n'kukutumiza kusukulu. Miyezi ina uli m'kalasi, miyezi ina uli pambali pa mmisiri wamkulu akukuwongolera dzanja, ndipo pakutha pa mwezi kangachepe kako kalipo. Tsiku lolandira satifiketi unkadziwa kale benchi imene ukaimepo mawa lake.

Zinasintha m'zaka za m'ma 1990, malire atatseguka ku katundu wakunja, kaunjika atadzaza misika, makampani a boma atayamba kugulitsidwa. Whitehead inagulitsidwa mu 2003 ndipo lero ndi ya Mapeto. Ena mwa mayina amene madala aja amatchula anangozimirira. Ena alipobe pazikwangwani, koma zimene amagulitsa zimabwera zopangidwa kale kuchokera ku South Africa, ku Kenya, ku India kapena ku China. Nyumba zambiri zimene munkalira makina lero ndi mosungira katundu, ndipo mosungira katundu mumafunika mlonda, kalaliki ndi anyamata amphamvu. Munthu wodziwa kuyeza chitsulo mpaka kusiyanitsa makulidwe a tsitsi alibemo chochita.

Mavuto athu amayamba tisanamalize n'komwe sukulu. Maphunzirowa amafuna kuti wophunzira akakhale miyezi ingapo pamalo a ntchito, chimene timachitcha atachimenti. Ambiri a ife anatipatsa kalata, malo tikafune tokha. Kalatayo tinayenda nayo geti ndi geti mpaka inayamba kunyenyeka m'mbali. Ndipo kupeza malo sikutanthauza kuti waphunzira. Mnzathu wina anakhala miyezi isanu ndi umodzi pafakitale ina akusesa, kutsuka mabawuti m'palafini ndi kukagulira akuluakulu chipisi masana. Tsiku limene analimba mtima n'kupempha kuti agwireko makina, anamuyankha kuti, "Mphwanga, makinawa ndi a mamiliyoni. Ukawononga ulipira ndi chiyani?" Pomaliza anamusayinira m'buku kuti zonse wazichita. Anabwerera kusukulu ndi buku lodzaza, manja opanda kanthu, ndalama ya minibasi ya miyezi yonseyo itachokera m'thumba la amayi ake ogulitsa tomato.

Ukamaliza, ntchito iliyonse yolengezedwa m'nyuzi imafuna munthu amene wagwirapo kale zaka zitatu kapena zisanu. Zakazo tikazitenga kuti, pomwe geti loyenera kutipatsa ndi lomwelo likutibweza? Achibale amatilimbikitsa kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Tadekha. Ena mwa ife chaka chino ndi chachisanu. Ndipo luso la m'manja si ndime ya pamtima yoti ungaikumbukire tsiku lililonse. Wowotcherera akakhala zaka ziwiri osagwira ntchito yeniyeni dzanja limayamba kunjenjemera, msoko umatuluka wokhotakhota. Tsiku limene mwayi wa intavyu wapezeka, akupatsa zitsulo ziwiri kuti ulumikize iwo akuona, ndipo iwe mwini ukudziwa kuti chaka chimene unkachoka kusukulu ukanachita bwino kuposa apa. Zimenezi zimapweteka kusiyana ndi njala.

Eni mafakitale nawo amadandaula, ndipo timawamva. Amati ana a masiku ano amabwera ndi mapepala koma ntchito sadziwa. Mbali ina akunena zoona, sitikana. Ambiri tinaphunzira pamakina aakulu msinkhu kuposa makolo athu, anthu khumi ndi asanu kuunjikana pa amodzi, zitsulo zophunzirira zikatha n'kumangojambula pabolodi. Ukalowa m'fakitale ya zakumwa kapena ya mapulasitiki upeza makina oyendetsedwa ndi kompyuta, oti vuto amalilemba okha pagalasi m'zilembo zimene sunazionepo. Komatu mpata umenewu sitinaukumbe ndife. Bungwe la TEVETA linakhazikitsidwa mu 1999 kuti sukulu ndi makampani aziyendera limodzi, ndipo olemba anthu ntchito amapereka 1 peresenti ya ndalama za malipiro kuti zithandize maphunziro a luso. Ndiye taonani: bwana akupereka ndalamayo n'kumadandaula kuti amisiri kulibe, mmisiri ali kunja kwa mpanda wa bwana yemweyo akudandaula kuti ntchito kulibe. Pakati pawo pali khoma la njerwa ndi mlonda basi.

Makina aakulu akafa, tonse timadziwa zimene zimachitika. Amaitana katswiri wochokera kunja, abwere pandege, agone kuhotela, alipidwe m'madola. Munthuyo sitimuda, ntchito yake amaidziwa. Chimene chimatiwawa n'choti amagwira yekha, kapena ndi womupatsira sipanala mmodzi, akamaliza n'kutseka chitseko cha makinawo n'kumapita ndi nzeru zake zonse. Chaka chamawa akafanso, ndege ina. Akanamuikira awiri a ife pambali, kope ndi pensulo m'manja, ulendo wachitatu sukanafunika.

Amene analowa m'kati nawo sagona tulo. Alipo ochepa amene zinawayendera, makamaka m'mafakitale a shuga ku Nchalo, ku Dwangwa ndi ku Salima, m'mafakitale a simenti ku Kasungu ndi ku Mangochi, kapena mopangira zakumwa. Amenewo timawanyadira, ndipo akabwera kumudzi ndi njinga yamoto ana amati nawonso adzakhala amisiri. Koma ntchito zambiri za m'mafakitale athu zimayendera nyengo. Nzimbe zimaperedwa m'chilimwe, fodya amakonzedwa msika ukatsegulidwa, nyengo ikatha anthu ambiri kwawo. Kwina kumene ena a ife tagwirako, kontirakiti ndi ya miyezi itatu. Ikatha akuti kapumeni kaye, pakapita milungu iwiri akuitananso, kusayina ina ya miyezi itatu. Munthu amatha zaka zinayi pamakina omwewo akutchedwabe waganyu. Lamulo limati wolemba ntchito aziika 10 peresenti ku penshoni ya wantchito, wantchitoyo 5 peresenti, koma waganyu wa mtundu umenewu akafunsa za penshoni amamukumbutsa za anthu amene aima kugeti. Malipiro ake sasiyana kwenikweni ndi a mnzake amene sanapondeko kukoleji. Magolovesi akang'ambika ugule wekha. Galasi lotchinga maso likasweka umagwirabe ntchito, usiku n'kumagubuduka pamphasa maso akuwotcha ngati wathiramo mchenga. Pali mnzathu amene makina odulira malata anamudya zala ziwiri. Anamuthamangitsira kuchipatala pagalimoto ya kampani, ndipo kontirakiti yake itatha mwezi wotsatira sanamuitanenso.

Alongo athu ali ndi mtolo wowonjezera. Anawalimbikitsa kuti ntchito zamanja si za amuna okha, iwo anamvera, ena anatiposa m'kalasi ndi pabenchi pomwe. Mmodzi wa iwo, wa zamagetsi, amene ankatithandiza tonse kuwerenga mapulani a mawaya, anapita kukayesedwa pafakitale ina. Asanatsegule n'komwe bokosi lake la zipangizo anamufunsa ngati ali pabanja, ndiponso ngati amuna ake angamulole kugwira shifiti ya usiku. Kenako anati, "Chemwali, kuofesi kukufunika wolandira alendo, bwanji muyese kumeneko?" Wina anauzidwa poyera ndi kapitawo kuti dzina lake likhoza kulowa pamndandanda ngati atakumana madzulo. Anakana, ndipo lero akugulitsa zitenje.

Tikadandaula chonchi, yankho limene limabwera msanga ndi lakuti tidzilembe tokha ntchito. Ambiri tinayesa, ndipo ndife amene mumationa m'mbali mwa msewu ku Ndirande, ku Bangwe, ku Mchesi, ku Kawale, tikuthetheka moto pansi pa kashedi ka malata. Timapanga mafelemu a zitseko, zitsulo za m'mawindo zotchinga akuba, mageti, mbaula, mabedi. Ntchitoyi sitiinyoza, ndi imene ikudyetsa ana athu. Sitinyozanso anzathu amene anaiphunzirira pamsewu pomwepo kwa amalume awo, ena mwa iwo ndi akatswiri oopsa. Koma mzere umodzi wa msewu uli ndi mashedi khumi, onse akupanga felemu yofanana, wogula mmodzi akuyenda shedi ndi shedi kutsitsa mtengo mpaka phindu lotsala ndi la ndiwo za tsiku limenelo. Zaka zitatu kapena zinayi za kukoleji, masamu a ngodya, kuwerenga mapulani, kudziwa chitsulo chimene chimapirira moto ndi chimene chimasweka, zonsezo zathera pa felemu ya windo.

Ndipo si luso lililonse limene ungalinyamule kupita nalo pamsewu. Kalipentala akhoza kuyamba ndi sowo, pulena ndi hamala pansi pa mtengo wa mango. Koma wosema zitsulo amafuna lathe, makina olemera ngati galimoto, odya magetsi amphamvu amene sapezeka m'nyumba ya lendi, a mtengo woti ngakhale mudzi wonse utasonkha sungaufike. Wokonza makina a m'fakitale amafuna fakitale. Kumuuza munthu wotere kuti adzilembe yekha ntchito kuli ngati kumupatsa msodzi ukonde n'kumutumiza kuphiri. Za ngongole musanene. Kulikonse kumene tagogoda amafuna chikole, ndipo mnyamata wogona m'chipinda chimodzi ndi mng'ono wake chikole chake ndi foni.

Kenako magetsi. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana atawononga damu la ku Kapichira, dziko linataya mphamvu ya magetsi pafupifupi mamegawati 130, ndipo panapita nthawi yoposa chaka asanabwerere. Miyezi imeneyo tinkagona m'mashedi kudikira kuti mwina ayaka pakati pa usiku, tiwotcherere msangamsanga kusanache. Mafakitale amene ankayenda mashifiti awiri anatsala ndi imodzi, ndipo oyamba kuuzidwa kuti akhale kaye kunyumba anali aganyu. Tisanapume, mu Novembala 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti. Chitsulo, malodi owotcherera, penti, mawaya, zonse zimachokera kunja, ndipo mitengo inasintha usiku umodzi. Amene anali atalandira kale ndalama ya geti la munthu anamaliza ntchitoyo ndi ndalama ya m'thumba mwake. Eni mafakitale nawo ankapita kubanki kukapempha ndalama zakunja zogulira zipangizo ndi masipeya n'kubwerako chimanjamanja. Apa mpomwe timaona kuti bwana ndi ife tili m'bwato limodzi lobowoka, kungoti iye wakhala kumene madzi sanafike.

N'chifukwa chake gulu lathu la pageti likusintha nkhope chaka ndi chaka. Amene tinkaima nawo dzana ena ali ku Joni, akuwotcherera m'magalaja a ku Johannesburg opanda mapepala okhalira, kugona tcheru kuopa apolisi. Ena anawolokera ku Tete kukayesa mwayi kufupi ndi migodi ya malasha ya ku Moatize. Kumapeto kwa 2023, achinyamata atayamba kutumizidwa kukagwira ntchito m'minda ya ku Israel nkhondo ili m'kati, ena mwa amene ankafunsa njira yolembetsera anali anzathu a masatifiketi a zamagetsi. Agogo athu ankapita ku Wenela ndi ku Teba chifukwa sukulu analibe. Ife tili nayo sukulu, koma basi yake ndi yomweyo. Otsala ambiri ali pa kabaza. Mukakwera njinga yamoto, ikakuzimirani panjira, woyendetsayo n'kuikonza m'mphindi zisanu ndi kasipanala ka m'thumba, mudzamufunse kumene anaphunzira.

Masomphenya a Malawi 2063, amene anakhazikitsidwa mu Januwale 2021, anaika mafakitale ngati imodzi mwa nsanamira zake zitatu. Tinamva, ndipo tinasangalala, chifukwa nsanamira imeneyo ndife. Koma tikaima pageti timaona malole akutuluka m'dziko ndi soya, mtedza ndi nandolo zosakonza, ena akulowa ndi mawilibala, makasu, mapoto, mipando ya m'maofesi ndi misomali. Wilibala! Chinthu choti aliyense wa ife akhoza kuchipanga tsiku limodzi atapatsidwa chitsulo ndi magetsi. Boma ndiye wogula wamkulu m'dziko muno. Limagula madesiki a ana asukulu, mabedi a m'zipatala, matanki a madzi, zitseko za nyumba za aphunzitsi. Litangonena motsimikiza kuti zonsezi zizipangidwa konkuno, ndiponso kuti kampani yopatsidwa ntchitoyo izitenga ophunzira a m'makoleji n'kumawalipira kangachepe, mageti ambiri akanatseguka okha. M'boma lililonse mutakhala nyumba imodzi yokhala ndi lathe, makina opindira malata ndi magetsi odalirika, yoti amisiri azilipira pa ola n'kugwiritsa ntchito, shafuti ya chigayo chija bwenzi ikusemedwa pa boma pomwepo. Ndipo amene wagwira ntchito pamakina omwewo zaka ziwiri alembedwe, asiye kutchedwa waganyu. Sitikupempha za ulele. Tikupempha benchi, chitsulo ndi mmisiri wamkulu wotiyang'anira chaka choyamba.

Sabata yatha mmodzi wa ife anafika pageti nkhope ili yolemera. Mng'ono wake wasankhidwa kukaphunzira zokonza makina a m'fakitale, ndipo usiku anamufunsa kuti, "Achimwene, ndipite kodi? Inuyo zakuthandizani chiyani?" Anati anasowa poyambira. Nkhaniyo tinaikambirana mpaka dzuwa kufika pamutu. Ena ankati mwanayo angogula njinga ayambe kabaza, asataye zaka. Ena ankati ayi, zinthu sizingakhale chonchi mpaka kale, tsiku limene mafakitale adzadzuke adzafuna anthu okonzeka. Madala a tiyi aja anangomvetsera, kenako anafunsa ngati mwanayo amakonda kumasula zinthu. Mkulu wakeyo anati kuyambira ali wamng'ono palibe wailesi kapena tochi imene inapulumuka m'nyumba mwawo. Madalawo anati, "Ndiye musiyeni apite."

Tinasonkherana zimene tinali nazo. Wina anapereka ovolosi yake yachiwiri, wina tepi yoyezera, mlongo wathu wa zamagetsi uja anatumiza mabuku ake a chaka choyamba atawakulunga m'pepala la pulasitiki. Nsapato za chitsulo kutsogolo tinakazipeza pakaunjika ku Limbe, zokulirapo pang'ono, aziika nyuzi kumapeto. Mnyamatayo anakwera basi Lamulungu masana. Lolemba m'mawa mkulu wake anali nafe pageti, envulopu kukhwapa, ndipo kapitawo atatuluka anatenga anthu asanu ndi mmodzi oti akatsitse feteleza.